SITIMA YA PATEBULO: KUCOKA PA BOKOSI LOYAMBA KUFIKA PA NJANJI YA BANJA LONSE

Pali mphatso ina imene imautsa cimwemwe m'nyumba yonse tsiku loyamba, koma n'kuiwalika mlungu usanathe. Mwina ndi malume amene anabwera nayo kucokera ku Johannesburg kapena ku Mangalande, mwinanso bambo wa panyumba anaipeza kwa ogulitsa katundu wogwirako kale nchito. M'bokosimo muli kainjini kamodzi, tingolo titatu kapena tinayi, tizidutswa ta njanji topanga cozungulira, ndi kabokosi ka magetsi koyendetsera. Usiku wa Krisimasi ana amagwada pansi, maso ali tong'o, kuonerera kasitima kakuzungulira. Mawa lace kakuzungulirabe njira yomweyo. Pofika tsiku lacitatu ana atopa nako, njanji imodzi yapondedwa, ndipo bokosi lakwezedwa pamwamba pa kabati kumene fumbi ndi mphemvu zikulidikira.

Colakwa sicili ndi ana ai. Sitima yongozungulira, yopanda kumene icokera ndi kumene ipita, imatopetsa ngakhale munthu wamkulu. Bokosi loyambalo linapangidwa kuti likhale ciyambi cabe. Tsono m'nkhani ino tifuna kuthandiza makolo amene ali nalo kale bokosi lotere, ndi ena amene akuganiza zogula, kuti adziwe poyambira, ndi njira yokuzira njanji yao popanda kuononga ndalama za pabanja.

Kumene masewerawa anacokera

Sitima zoseweretsa zinayamba kupangidwa pasanapite nthawi yaitali sitima zenizeni zitabadwa ku Ulaya. Koma amene anasintha zinthu ndi kampani ya Märklin ya mumzinda wa Göppingen ku Germany. M'caka ca 1891 kampaniyi inaonetsa njanji zoduladula zolumikizana, za miyeso yokhazikika, kotero kuti munthu akagula bokosi limodzi caka cino anali kutha kuonjezapo njanji ndi ngolo zina caka camawa. Ku Amereka, Joshua Lionel Cowen anayambitsa kampani ya Lionel mu 1900. Ku Liverpool, Frank Hornby, amene anachuka ndi tizitsulo tomangira ta Meccano, anayamba kugulitsa sitima zoyendera sipuling'i yopukusa mu 1920, ndipo mu 1938 anatulutsa zing'onozing'ono zochedwa Hornby Dublo.

Ena amaganiza kuti zimenezi ndi zacibwana. Koma ku Mangalande abusa ena a mpingo wa Anglican anadziwika nazo kwambiri. Mbusa Wilbert Awdry, amene analemba nthano za injini yochedwa Thomas, anayamba kusimba nthanozo pofuna kusangalatsa mwana wace amene anali kudwala cikuku. Buku loyamba linatuluka mu 1945, ndipo iye mwini anali kumanga njanji zapatebulo. Mbusa wina, Peter Denny, anatha zaka makumi angapo akumanga njanji yace yochedwa Buckingham, ndipo zambiri anali kuzipanga ndi manja ace kucokera ku zinthu zochipa. Lero njanji yapatebulo yochuka koposa ili mumzinda wa Hamburg. Dzina lace ndi Miniatur Wunderland, inatsegulidwa mu 2001 ndi abale awiri amapasa, Frederik ndi Gerrit Braun, ndipo njanji zace zikaikidwa pamzere umodzi zipitirira makilomita 15.

Coyamba: dziwani muyeso wa sitima yanu

Safunsa anadya phula. Musanagule kanthu kena kalikonse, yang'anani pabokosi muone zilembo za muyeso. Pali zinthu ziwiri zoyenera kusiyanitsa: kucepa kwa sitimayo poiyerekeza ndi yeniyeni, ndi mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji.

Muyeso wofala padziko lonse ndi HO. Pa muyeso umenewu cinthu ciliconse n'cocepa ka 87 poyerekeza ndi cenicenico, ndipo mpata wa njanji ndi mamilimita 16.5. Munthu wamtali bwino amakhala wa masentimita awiri okha. Ku Mangalande amakonda muyeso wa OO, umene ucepetsa zinthu ka 76, koma njanji yace ndi yomweyo ya mamilimita 16.5. Cinacititsa n'cakuti injini za ku Mangalande zinali zazing'ono thupi, ndipo timakina ta magetsi ta masiku amenewo sitinali kukwana m'kati mwace, tsono anangokulitsako thupi n'kusiya njanji momwemo. Motero sitima ya OO itha kuyenda pa njanji ya HO, ngakhale kuti zikaimikidwa pamodzi ya OO imaoneka yonenepako.

Muyeso wa N uli ndi njanji ya mamilimita 9, ndipo ucepetsa ka 160. Ku Mangalande ndi ka 148, ku Japan ka 150. Uwu ndi woyenera nyumba yopanikiza, pakuti njanji yathunthu ikwana pa citseko cakale. Muyeso wa O ndi waukulu, wa njanji ya mamilimita 32. Wa Z, umene Märklin anatulutsa mu 1972, ndi waung'ono zedi: njanji ya mamilimita 6.5, wocepetsa ka 220. Kwa banja lokhala ndi ana a kupulaimale, HO kapena OO ndiye wabwino, cifukwa tizala ta ana titha kuika mawilo panjanji mosavuta, ndipo katundu wace wogwirako kale nchito apezeka wambiri. Mwana wocepera zaka zisanu mupatseni sitima yamitengo yokankha ndi dzanja, popeza tizidutswa tating'ono atha kutiika m'kamwa.

Cenjezo limodzi lofunika: sitima za HO za Märklin ziyendera magetsi a mtundu wina, ndipo zimatenga moto pa timitu tacitsulo tondandalikidwa pakati pa njanji. Injini yotere siyenda pa njanji wamba ya zitsulo ziwiri, ngakhale mpata uli umodzimodzi. Ambiri ataya ndalama cifukwa cosadziwa cimeneci.

Mmene magetsi agwirira nchito

Kabokosi koyendetsera kamalandira magetsi a m'nyumba a mavolti 230 n'kuwatsitsa kufika pa mavolti 12. Moto umapita m'citsulo cimodzi ca njanji, n'kukwera m'mawilo a injini, n'kuzunguza kamakina, n'kubwerera kudzera m'citsulo cinaco. Mukapotokola kacitsulo koonjezera moto, sitima ithamanga. Mukatembenuza swichi, moto usintha kolowera ndipo sitima ibwerera m'mbuyo. Moto wa panjanji suvulaza munthu wougwira, koma wa kukhoma ndi wakupha. Nchito yolumikiza kukhoma ikhale ya munthu wamkulu, kabokosiko kasatsegulidwe, ndipo kazimitsidwe masewera akatha.

Ndi njira imeneyi, injini zonse zokhala pa njanji imodzi ziyenda pamodzi ndi kuima pamodzi. Wofuna kukhala ndi injini ziwiri ayenera kugawa njanji m'zigawo, cigawo ciliconse ndi swichi yace, kuti ina iime pamene inzace ikuyenda.

Pali njira yatsopano yochedwa DCC, imene inayambira ku kampani ya Lenz ku Germany, ndipo m'zaka za m'ma 1990 inavomerezedwa ndi bungwe la okonda njanji zapatebulo la ku Amereka, NMRA, kuti makampani onse aitsate. M'njira imeneyi moto umakhala panjanji nthawi zonse, ndipo injini iliyonse ili ndi kacipangizo kace ndi nambala yace. Woyendetsa amaitana nambala ya injini imene afuna, ndipo iyo yokhayo ndiyo imamvera. Ana awiri atha kuyendetsa sitima ziwiri pa njanji imodzi. Koma mtengo wace ndi wokwera. Bokosi likalembedwa kuti DCC Ready, tanthauzo lace n'lakuti malo oikapo kacipangizoko alipo, koma kacipangizo keniko mulibe. Banja loyamba kumene lisathamangire zimenezi. Injini imodzi kapena ziwiri zimayenda bwino ndi njira yakale.

Cotsani sitima pansi

Mdani wamkulu wa sitima yaing'ono ndi pansi pa nyumba. Pamphasa kapena pakapeti pali ulusi ndi tsitsi zimene zimakulungika m'mawilo, pa simenti pali fumbi, ndipo phazi la munthu wodutsa silisankha popondapo. Tsono kugula koyamba pambuyo pa bokosi kusakhale injini yaciwiri, koma thabwa.

Thabwa lathunthu la plywood limakhala la mamita 2.44 m'litali ndi 1.22 m'lifupi. Limeneli likwana cozungulira ca HO ndi malo otsala. Likhomereni mitanda kunsi kwace kuti lisapindike nyengo ya mvula, ndipo mulipake penti kapena vanishi mbali zonse ziwiri. Miyendo yace isagunde dothi cifukwa ca ciswe. Ngati malo ndi ocepa, thabwalo litha kuimikidwa kukhoma kapena kulowetsedwa kunsi kwa bedi masewera akatha. Kumbukirani kuti mkono wa munthu wamkulu ufika bwino masentimita 60 kapena 70 okha. Thabwa lalikulu likakankhidwira kukhoma, sitima ikagwa mbali ya kutali simudzaifikira.

Musakhomere njanji tsiku loyamba. Iyaleni, yendetsani sitima milungu ingapo, sinthani, mpaka mutakhutira. Pokhoma, misomali ikhale yaing'ono ndipo isalowe mothina, pakuti ikathina imapinda timitanda ta njanji n'kucepetsa mpata.

Kuipatsa sitima nchito

Cinthu cimene cisandutsa coseweretsa kukhala njanji yeniyeni ndi mphambano, imene anthu a kunjanji amaicha mapointi. Gulani imodzi ndi tizidutswa tiwiri kapena titatu toongoka, ndipo mwapeza kanjira kopatukira kosiyako ngolo. Tsopano sitima ili ndi cocita: kusiya ngolo yopanda kanthu, kutenga yodzaza. Mukagula mapointi ena awiri, mutha kupanga njanji yaciwiri yotsata m'mbali mwa yoyamba n'kubwereranso, monga pa masiteshoni ang'onoang'ono a m'dziko lathu pamene sitima ina imaima kudikira inzace kuti idutse. Tisaiwale kuti mzinda wa Lusaka weniweniwo unayamba mu 1905 ngati kamalo kotere kopatukirapo sitima.

Munthu wina wa ku Mangalande, Alan Wright, anachukitsa masewera ochedwa Inglenook Sidings, amene safuna cozungulira nkomwe. Pafunika mapointi awiri okha, opanga tinjira titatu. Kanjira kamodzi kakwana ngolo 5, tiwiri tinato ngolo 3 kalikonse, ndipo njanji yolowera ikwana injini ndi ngolo 3. Ngolo zonse ndi 8. Mulemba dzina la ngolo iliyonse pakapepala, mwana n'kutola timapepala 5 mosaona, ndipo woyendetsa ayenera kusanja ngolo zisanuzo motsata mmene zatoledwera, osagwira ndi dzanja kupatula pomasula. Ana a sukulu atha kuwerengera okha: 8 kuculukitsa ndi 7, ndi 6, ndi 5, ndi 4, yankho ndi 6,720. Ndiye kuti pali sitima zosiyanasiyana 6,720 zotheka kusanjidwa pa thabwa losapitirira mita imodzi ndi theka. Masewera otere satha m'masiku atatu.

Pogula zoonjezera samalani zinthu zinayi. Coyamba ndi zokolera ngolo: za ku Mangalande, za maiko ena a ku Ulaya ndi za ku Amereka n'zosiyana ndipo sizikolana, tsono tengani ngolo yanu imodzi popita kukagula. Caciwiri ndi makona: njanji zokhota za m'bokosi loyamba nthawi zambiri n'zothina. Pa njanji za Hornby, kona yothina kwambiri ili pa mtunda wa mamilimita 371 kucokera pakati pa cozungulira, yotsatira pa 438, ndipo injini zambiri zazitali zifuna yaciwiriyo. Cacitatu ndi citsulo ca njanji: zakale zacitsulo wamba zimacita dzimbiri, pamene za nickel silver sizicita dzimbiri ndipo zidutsitsa moto bwino ngakhale zitaderako. Cacinai ndi citunda: njanji isakwere kupitirira masentimita awiri pa mita imodzi, apo ai injini idzangopalasa mawilo pamalo amodzi.

Palinso msampha umodzi wogwira pafupifupi aliyense. Mukapanga njanji yocoka pa mapointi, n'kuzungulira, n'kubwerera pa mapointi omwewo kuti sitima itembenuke, citsulo ca kumanja cimakumana ndi ca kumanzere, moto umaombana ndipo zonse zimaima. Njanji yotere ifuna kudulidwa pawiri ndi kuikidwa swichi yaceyace. Oyamba kumene aipewe.

Sitima ikakana kuyenda

Nthawi zambiri sitima yodukiza kapena yoima mwadzidzidzi sinaonongeke, yada cabe. M'dziko lathu, makamaka m'miyezi ya fumbi kuyambira Ogasiti kufika Okutobala, njanji ifunika kupukutidwa ndi kansalu kopanda ulusi konyowetsedwa pang'ono ndi sipiriti. Mawilo a injini nawonso apukutidwe. Musapale njanji ndi sandipepa kapena waya wotsukira mapoto: zimasiya mikwingwirima yosunga litsiro, ndipo tizidutswa ta waya timakokedwa ndi maginito a kamakina n'kukaononga. Mafuta akhale opepuka, opangidwira nchito imeneyi, kadontho ka pansonga ya singano. Mafuta ophikira amauma n'kumata, ndipo ena a galimoto amadya pulasitiki. Sitima ikamafooka mbali ya kutali ndi kabokosi, ndiye kuti tizitsulo tolumikizira njanji tamasuka. Tifinyeni, kapena perekani mawaya ena awiri kumeneko. Mukatha kusewera, fundani thabwa lonse ndi nsalu yakale.

Cinanso: musathamangitse. Sitima yeniyeni yoyenda makilomita 60 pa ola, ikacepetsedwa pa muyeso wa HO, iyenda masentimita 19 okha pa sekondi. Mwana akaphunzira kunyamutsa sitima mwapang'onopang'ono ndi kuiimitsa mofatsa pa siteshoni, ngolo sizigwa, ndipo iye waphunzira kudekha.

Kumanga dziko lathu pathabwa

Apa ndi pamene ana athu aposa ana a ku Ulaya. Mwana amene atha kupanga galimoto ya waya yokhota mawilo sangalephere kumanga siteshoni ya katoni. Lamulo ndi limodzi: gawani muyeso weniweni ndi 87. Citseko ca mamita awiri cikhala ca mamilimita 23. Apite ndi tepi akayese khonde la chalichi ca parishi, mpope wa madzi, nkhokwe ya agogo, abwere awerengere. Masamu amene amawathawa kusukulu adzawafuna okha.

Mapiri apangidwa ndi nyuzipepala zakale zoviikidwa m'guluu wosungunula. Dothi lofiira la kumunda, lounika ndi kusefedwa, limamatidwa monga momwe lilili. Utuci wonyikidwa mu penti wobiriwira ndiwo udzu. Timizu touma ndi tizidutswa ta siponji ndiyo mitengo, ndipo waya wopota wokutidwa ndi pepala upanga mlambe. Miyala ya pansi pa njanji ndi mcenga wosefa: uthireni wouma, usalazeni ndi kaburashi, kenaka mudonthezere guluu woyera wa akalipentala wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana, ndi kadontho ka sopo wamadzi kuti alowerere. Samalani kuti guluu asafike pa mbali zoyenda za mapointi.

Zoti mutengereko citsanzo zilipo zambiri. Ulalo wa pa Victoria Falls unatha kumangidwa mu 1905, ndipo njanji inafika ku Kabwe, kumene kale kunali kuchedwa Broken Hill, mu 1906. Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kucokera ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam, inamangidwa ndi thandizo la dziko la China kuyambira 1970 kufika 1975. Ya pakati pa Chipata ndi Mchinji inatsegulidwa mu 2010. Ku Livingstone kuli nyumba yosungiramo injini zakale zamalasha, pamalo pamene panali pokonzera sitima zonyamula matabwa kucokera ku Mulobezi. Banja likapita kumeneko, ana atenge kope ndi pensulo.

Njanji zathu zili ndi mpata wa mamilimita 1,067, wocepa poyerekeza ndi wa 1,435 wa maiko ambiri a ku Ulaya ndi Amereka. Tsono wofuna kutsanzira sitima ya kuno molondola pa muyeso wa HO ayenera njanji ya mamilimita 12, kapena asunge njanji yace ya 16.5 koma amange ngolo zocepetsedwa ka 64. Imeneyo ndi nchito ya m'tsogolo. Poyamba, kupenta ngolo zimene muli nazo ndi kuzilemba maina a malo athu n'kokwanira. Ndipo ana ofuna kuika chalichi pafupi ndi siteshoni auzeni kuti ngakhale ku Vatican kuli njanji, yaifupi kwambiri, ya mamita pafupifupi 300. Pa 4 Okutobala 1962 Papa Yohane wa 23 anakwera sitima pamenepo kupita ku Loreto ndi ku Assisi kukapempherera Msonkhano Waukulu wa Eklezia umene unali pafupi kuyamba.

Mau kwa makolo

Tinene poyera: katundu ameneyu sapangidwa kuno, ndipo watsopano ndi wodula. Bambo amene atenga ndalama ya fizi kapena ya feteleza n'kugulira injini walakwira banja lace, ngakhale atanena kuti wagulira ana. Kambiranani ndi amai a panyumba, gwirizanani kandalama kocepa, ndipo mutsate ndondomeko: thabwa coyamba, mapointi amodzi, ngolo ziwiri zitatu, mapointi ena, ndipo injini yaciwiri pomalizira. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Wacibale wa kunja akafunsa mphatso yobweretsa, muuzeni muyeso ndi dzina la kampani, kapena mumtumizire cithunzi ca bokosi pa foni. Pogula injini yakale, ioneni ikuyenda musanalipire. Mabanja awiri kapena atatu a m'parishi imodzi athanso kusonkherana, wina thabwa, wina zida za ukalipentala, wina malo, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Ngozi ina ndi yakuti bambo n'kulanda sitima yonse, ana n'kusanduka oonerera oletsedwa kugwira. Nyumba ya katoni yopendekeka imene mwana wamanga yekha iikidwe pathabwa monga ilili. Atsikana asasiyidwe kunja. Nawonso agwire kabokosi koyendetsera, aphunzire kulumikiza mawaya. Gawanani maudindo: wina woyendetsa, wina wa mapointi, wina mkulu wa siteshoni wolemba nthawi, ndipo mlungu wotsatira musinthane.

Masiku ano m'nyumba zambiri aliyense amakhala cete ndi foni yace, ndipo bambo atha kutha mwezi osaceza ndi mwana wace kupatula pomudzudzula. Yosefe Woyera anaphunzitsa Mwana amene anapatsidwa kulera ali naye pambali pa benchi la ukalipentala, manja ali pa nchito imodzi. Ola limodzi Lamlungu masana, titacoka ku Misa, bambo ndi mwana atawerama pa thabwa limodzi kufufuza cimene caimitsa sitima, limatsegula nkhani zambiri zimene sizikanakambidwa. Tsitsani bokosi lija pamwamba pa kabati, lipukuteni fumbi, muwerenge zilembo za muyeso, ndipo Loweruka likudzali mupite ndi ana kwa kalipentala mukafunse mtengo wa thabwa.